Amukonza vavu ya mtima: ayambe liti kuyenda, kulima ndi kuthamanga?

Woyang'anira gulu:
Moni nonse. Funso ili latumizidwa ndi membala amene sakufuna kutchulidwa dzina. Achimwene ake a zaka 34 anawakonza vavu ya mitral, kachitseko ka magazi ka mbali ya kumanzere kwa mtima, masabata 3 apitawo, ndipo anachita kutsegula pachifuwa. Sanawaike vavu yachitsulo, anangokonza yawo yomweyo n'kusokerera mphete yolimbitsa m'mbali mwake. Akumwa warfarin woletsa magazi kuundana, bisoprolol woletsa mtima kuthamanga ndi Lasix wochotsa madzi m'thupi. Asanadwale ankathamanga m'mawa, Loweruka ankamenya mpira, komanso ali ndi munda. Akufunsa kuti ayambe liti, nanga ayambe ndi chiyani. A zaumoyo tithandizeni. Paja mawu omaliza ndi a dokotala amene akuwaona.

Fizio Nachisale:
Achimwenewo adziwe kuti m'chifuwamo mukuchira zinthu ziwiri, ndipo zikufuna zosiyana. Mtima ukufuna miyendo iziyenda kuyambira lero. Fupa la pachifuwa likufuna manja apume. Ambiri amachita zosemphana: amagona tsiku lonse poopa mtima, kenaka madzulo n'kudzuka kukasuntha ndowa ya madzi kubafa.

Fupa lija amalicheka pakati, kuchokera m'munsi mwa khosi kutsika, pomaliza n'kulimanga ndi mawaya a chitsulo chosachita dzimbiri. Mawayawo sachotsedwa. Ntchito yawo ndi kugwira mbali ziwirizo kuti zisasunthe pamene fupa likulumikizana, zomwe zimatenga masabata 6 mpaka 8, koma kulimba kwenikweni ndi cha pa masabata 12. Wa shuga, wosuta fodya kapena wonenepa kwambiri zimachedwerapo.

Pa masabata 8 oyambawo asanyamule, kukoka kapena kukankha chinthu choposa makilogalamu 5. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye chigubu cha malita 5 ndiwo malire. Ndowa ya malita 20 yapitirira kanayi. Mwana wa chaka chimodzi amakhala cha pa makilogalamu 9 kapena 10, choncho womulera azimuika pamiyendo pawo atakhala pansi, asamunyamule okha. Kupopa mjigo, kuwaza nkhuni, kusinja, kufinya mabulangete, kukankha galimoto yokana kuliza, zonsezo ayi.

Kuyenda ndiye mankhwala. Pa sabata yachitatu ayambe ndi mphindi 10, katatu pa tsiku, pamalo opanda chitunda. Tsiku lililonse aziwonjezera mphindi imodzi kapena ziwiri. Akafika mphindi 15 mpaka 20 azichita kawiri pa tsiku, ndipo pofika sabata ya 6 cholinga chikhale mphindi 30 ulendo umodzi, masiku 5 pa sabata. Aziyenda theka la nthawiyo n'kutembenuka, asamapite mpaka kutopa kenaka n'kumaganiza zobwerera. Mphindi 5 zoyamba ndi 5 zomaliza aziyenda pang'onopang'ono. Zomalizazo anthu amazidumpha, koma ukaima mwadzidzidzi magazi amatsalira m'miyendo, ndipo kwa munthu wa bisoprolol ndi Lasix mapeto ake ndi chizungulire. Akadya nsima adikire ola limodzi. Dzuwa la masana, makamaka la Okutobala ndi Novembala, alipewe: m'mawa kapena dzuwa litapendeka.

Sisita wa ku wodi ya opaleshoni:
Ndiwonjezere pa zimene anena a Nachisale, chifukwa fupa silivulala pa masewera okha. Limavulala podzuka pogona.

Kadzukidwe kake: agubuduzike n'kugona cham'mbali, manja atawapinda pachifuwa, atsitse miyendo yonse iwiri kunja kwa bedi, kenaka kulemera kwa miyendoyo kuwathandize kukhala tsonga, akudzithandiza pang'ono ndi chigongono. Asadzikoke ndi chitsulo cha bedi, ndipo wina asawakoke mkono. Amene amagona pamphasa kapena pamatilesi apansi ali pa vuto lalikulu, popeza kudzuka pansi kumafuna kutsamira manja ndi thupi lonse. A pabanja abwereke bedi ngakhale kwa miyezi iwiri yokha. Mpando ukhale wautali, osati sofa yolowa pansi ija. Podzuka asunthire kumapeto kwa mpando, mapazi abwere kumbuyo pang'ono, aweramire kutsogolo n'kuima ndi mphamvu ya ntchafu.

Kuchimbudzi chonjuta n'chimodzimodzi. Muike mpando woboola pakati. Ndipo asalole kudzimbidwa, chifukwa kudzikakamiza pochita chimbudzi kuja kumakankha fupa ndi mtima womwe. Papaya, masamba, madzi monga mwa muyezo umene anauzidwa.

Potsokomola ndi poyetsemula akumbatire pilo kapena chitenje chopindapinda pachifuwa. Asaope kutsokomola: makhololo otsalira ndi amene amabweretsa chibayo. Azipuma mozama ka 10 ola lililonse akakhala maso. Pabala azitsuka ndi madzi oyera ndi sopo, n'kupukuta mogunditsa nsalu, osakhula. Vaselini, paudala ndi mankhwala azitsamba asayandikire bala lisanatsekeke. Kwa amayi, bra yofewa yopanda waya imathandiza kuti kulemera kwa mawere kusakoke bala.

Membala wa ku Ndirande:
Pepani a zaumoyo, ine ndinamva kuti munthu wa opaleshoni ya mtima sakweza manja kudutsa mapewa kwa miyezi 6. Si zoona kodi?

Fizio Nachisale:
Si zoona achimwene, ndipo akatsatira zimenezo phewa limauma, n'kuyamba kulimbana ndi matenda ena. Manja opanda katundu azikweza onse awiri pamodzi, pang'onopang'ono, mpaka pamene payambira kupweteka, ka 10 m'mawa ndi madzulo. Kupesa tsitsi, kuvala malaya, kuzunguza mapewa, zonsezo achite. Choletsedwa ndi katundu ali kutali ndi thupi, ndi kupititsa manja onse awiri kumbuyo mwamphamvu. Akanyamula kanthu, agwire ndi manja awiri zigongono zili pafupi ndi nthiti.

Kochi wa othamanga:
Funso langa ndi la kugunda kwa mtima. Ife timachotsera zaka za munthu pa 220 kuti tipeze malire, ndiye wa zaka 34 ndi 186. Wotchi ilipo yowerengera. Angagwiritse ntchito 60 peresenti ya nambala imeneyo? Ndipo ngati fupa lagwira pa masabata 6, bwanji osayamba kathamangidwe kakang'ono pamenepo? Kuthamanga sikugwiritsa manja.

Klinishani wa za mtima:
A Kochi, masamu amenewo pa munthu uyu sagwira. Bisoprolol ntchito yake ndi kuletsa mtima kuthamanga, ndiye akhoza kukhala atatopa zedi wotchi ikuonetsa 105. Akamathamangitsa nambala ya pa wotchi adzadzipweteka.

Pa masabata oyambawa muyezo wosavuta ndi uwu: awerenge kugunda atakhala phee mphindi 5, ndipo poyenda kusapitirire ndi 20 mpaka 30 pamwamba pa nambala imeneyo. Wina ndi wa pakamwa. Ngati akutha kulankhula chiganizo chonse akuyenda, ali bwino. Ngati mawu akuduka pawiri patatu kuti apume, achepetse. Powerenga aike zala ziwiri padzanja, mbali ya chala chachikulu, masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Kugunda kukakhala kosalongosoka awerenge mphindi yonse, ndipo wotchi asaikhulupirire, imasokonezeka.

Za kuthamanga pa masabata 6 sindikugwirizana nanu, ndipo chifukwa chake si fupa lokha. Vavu ya mitral ikamadontha, chipinda chachikulu cha kumanzere chimakhala ndi njira ziwiri zotulutsira magazi: kutsogolo kupita m'thupi, ndi kumbuyo kudzera podontha paja, kumene n'kosavuta. Madokotala akatseka podonthapo, magazi onse ayenera kukankhidwira mu mtsempha waukulu, komwe kumafuna mphamvu. N'chifukwa chake nambala ya EF, yoonetsa mphamvu ya mtima popopa magazi, pa echo (kuunika mtima ndi makina) yoyamba nthawi zambiri imatsika kuyerekeza ndi ya kale. Anthu amachita mantha kuti opaleshoni yalephereka, pamene ndi mnofu wa mtima ukuzolowera katundu watsopano. Kuzolowerako kumatenga miyezi.

Chinanso, mphete ija imachepetsako khomo la vavu, ndipo vavu imene inaonongeka ndi matenda a rheumatic, aja oyamba ndi zilonda zapakhosi paubwana, imakhala youmirira ngakhale itakonzedwa. Magazi amadutsa pa mitral pa kanthawi kamene mtima wamasuka, pakati pa kugunda kumodzi ndi kwina. Mtima ukathamanga, kanthawi kameneko ndi kamene kamafupika kwambiri. Ngati khomo ndi lothina, magazi amaunjikana kumbuyo, m'mapapo, munthu n'kubanika. Atakhala pansi sizioneka. Ndiye asanathamange pafunika echo yoona ngati vavu ikudonthabe, kuthina kwa khomo, mphamvu ya mnofu ndi ngati mulibe madzi m'thumba la mtima, komanso ECG, yojambula kagundidwe ka mtima. Kumene kuli makina oyezera munthu akuyenda pa lamba, ndi bwino koposa. Nthawi yake ndi cha pa miyezi 3. Echo imachitika m'zipatala zazikulu monga Queens ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo tsiku lake ndi bwino kulipempha msanga.

Kochi wa othamanga:
Zamveka bwana. Ndiye akaloledwa pa miyezi 3, tiyambire pati?

Fizio Nachisale:
Asanathamange akhale akutha kuyenda mwandawala mphindi 40 mpaka 45, ndi zitunda zomwe, osabanika, ndipo mawa lake n'kudzuka bwinobwino. Mawa lake ndiye mboni. Akadzuka ali wolefuka kuposa dzulo, anapyola muyezo, abwerere pa sitepe ya m'mbuyo.

Akatero: mphindi imodzi kuthamanga pang'ono, mphindi 4 kuyenda, kubwereza ka 5 kapena ka 6, masiku 3 pa sabata osatsatizana. Sabata yotsatira 2 ndi 3, kenaka 3 ndi 2. Asawonjezere nthawi ndi liwiro sabata imodzi, chimodzi chokha. Kuthamanga mphindi 20 mpaka 30 osaima kudzabwera patatha masabata ena 6 kapena 8. Mipikisano ndi nkhani yokakambirana ndi dokotala payokha.

Ku jimu, miyendo ikhoza kuyamba msanga: kukhala ndi kudzuka pampando ka 10 osagwira, kunyang'ama pa zala, kukwera sitepe imodzi n'kutsika. Njinga yopalasa pamalo amodzi ndi yabwino ngati sakutsamira mahandulo. Zitsulo za manja ndi chifuwa zidikire masabata 12, ayambe ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri dzanja lililonse, ka 12 mpaka 15. Lamulo lake: kutulutsa mpweya pokweza. Kugwira mpweya kumakweza BP mwadzidzidzi, ndipo mphamvu yonseyo imakathera pa vavu yosokedwa ija. Mapushapu ayambire pakhoma. Chitsulo chimene sangachikweze ka 10 osagwira mpweya n'cholemera kwa iwo.

Membala wa ku Mchinji:
Za jimu tamva, nanga khasu? Mvula siidikira echo. Munthu akaona anzake akupanga mizere sakhala pansi.

Fizio Nachisale:
Khasu ndi loipa kuposa jimu, malume. Umakweza manja onse pamwamba, kumenya nthaka youma, kugwedezako n'kukafika pachifuwa, kenaka n'kukoka dothi utawerama. Masabata 12 asanakwane asaligwire. Chaka chino mizere ndi ya aganyu kapena abale. Iwo akhoza kuponya mbewu m'mapando kapena kuthira feteleza ndi kakapu kuchokera m'kachitini, ngati padutsa masabata 6 ndipo kuwerama sikukuwachititsa chizungulire. Akadzaloledwa ayambe ndi kupalira panthaka yonyowa, mphindi 15 n'kupuma, m'mawa kusanatenthe. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 lisakhale m'maganizo mpaka dokotala ataona echo. Njinga ya pamsewu nayonso masabata 12, chifukwa cha mabampu ndi kugwa, ndipo kunyamulapo matumba kapena kuchita kabaza kubwere pambuyo penipeni.

Wa ku famase:
Mpira simunauyankhe, ndipo woyankha ndi warfarin. Ali pa warfarin asasewere mpira wa miyendo, wa manja, nkhonya kapena chilichonse chogundana. Kugundana mitu polimbirana mpira wa m'mwamba kungachititse magazi kutayikira mkati mwa mutu, ndipo zizindikiro zimatha kuchedwa maola kapena masiku. Akagwa n'kumenyetsa mutu apite kuchipatala ngakhale akumva bwino.

Kwa amene vavu yangokonzedwa, madokotala ambiri amapereka warfarin kwa miyezi 3, nthawi yoti mnofu uphimbe mphete ija, INR, muyezo wa mmene magazi akuchedwera kuundana, ikhale pakati pa 2 ndi 3. Ngati mtima ukugunda mosalongosoka, kuja amati AF, amapitiriza. Wa vavu yachitsulo ndi moyo wonse, ndipo ya mitral INR yake ndi 2.5 mpaka 3.5. Asasiye okha poti miyezi 3 yakwana.

Chimene chimasokoneza INR kwathu kuno kwambiri ndi mankhwala ogula pagolosale ndi olembedwa ndi munthu amene sanauzidwe za warfarin. Thupi likamaphwanya chifukwa cha kuyenda, asamwe Brufen, diclofenac, Indocid kapena aspirin: amakanda m'mimba n'kuwonjezera kutaya magazi. Panado ndiye wololedwa, mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira kanayi pa tsiku, koma akamamwa masiku angapo otsatizana INR imakwera, ayezetse. Bactrim, Flagyl ndi fluconazole amakweza INR kwambiri. Amene ali pa ma ARV ndipo amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku auze onse awiri, wa ku ART ndi woyeza INR. Rifampicin wa m'mankhwala a TB amachita zosiyana, amafooketsa warfarin, moti mulingo umayenera kukwezedwa, ndipo pomaliza mankhwala a TB uyenera kutsitsidwanso. Apa m'pamene anthu amaiwala. Kutsegula m'mimba, kutentha thupi ndi kusadya kwa masiku angapo nakonso kumakweza INR. Mowa wa tsiku limodzi wambiri uja ndi woopsa.

Azimwa nthawi imodzimodzi, madzulo ndi bwino chifukwa zotsatira za INR zikatuluka masana mulingo umasinthidwa tsiku lomwelo. Akaiwala mpaka mawa, asamwe awiri.

Membala wa ku Ndirande:
Ndiye masamba asiyiretu eti? Paja amati amalimbana ndi warfarin.

Wa ku famase:
Ayi, asasiye. Nkhwani, bonongwe, mpiru, repu, chigwada ndi kholowa zili ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu ya warfarin, n'zoona. Koma mulingo wa mankhwala amaukonza molingana ndi kadyedwe ka munthuyo. Vuto ndi kusinthasintha: sabata ino masamba kawiri pa tsiku, sabata yamawa usipa wokhawokha. Azidya muyezo wofanana, ndipo nyengo ikasintha, monga mvula ikagwa ndiwo zamasamba n'kuchuluka, ayezetse INR. Ufa wa chamwamba ndi zitsamba za m'mabotolo zija akuti zimatsuka magazi azisiye.

Kamfuno wosasiya patatha mphindi 10 atatsina mphuno, magazi m'nkhama osaleka, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda ngati phula, kapena mutu waukulu wachilendo, apite tsiku lomwelo.

Klinishani wa za mtima:
Nditchule zoyimitsa masewera, chifukwa zina zimaoneka ngati kutopa wamba. Munthu amene dzana amayenda mphindi 20 bwinobwino, lero mphindi 10 zikumukanika, asanene kuti ndi ulesi. Pa masabata oyamba madzi kapena magazi amatha kudzadza pang'onopang'ono m'thumba lokuta mtima, makamaka kwa amene INR yakwera, n'kuyamba kuufinya. Zizindikiro zake ndi befu womka nakula, kufooka, thukuta lozizira, mtima kuthamanga ndi BP kutsika. Ameneyo akufunika echo tsiku lomwelo, osati kuwonjezera Lasix kunyumba. Madzi amathanso kudzadza kunja kwa mapapo.

AF ndi yofala pambuyo pa opaleshoni ya vavu, munthu mmodzi mwa atatu kapena kuposa amaipeza masiku oyamba, ndipo imatha kubwerera ali kunyumba. Mtima ukamagunda mothamanga ndi mosalongosoka atakhala pansi, akajambulitse ECG. Kukomoka, kupweteka kofinya pachifuwa, pakamwa kupotoka, dzanja kufooka kapena lilime kulemera, n'zothamangira nazo.

Azikwera sikelo m'mawa uliwonse atakodza, asanadye, n'kulemba m'kope. Makilogalamu 2 owonjezereka m'masiku 3, mapazi kutupa kapena kufuna mapilo ambiri pogona, ndiye kuti madzi akuunjikana m'thupi. Mbali inayo, akamamva chizungulire poimirira, kukamwa kuuma ndi sikelo kutsika, mwina Lasix wachuluka pa nyengo yotentha. Wosintha mulingo ndi dokotala. Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pamodzi ndi maso achikasu ndi kufooka zikhoza kusonyeza kuti kamtsinje ka magazi kodontha kakumenya mphete n'kumaswa maselo ofiira. Sizichitikachitika, koma zikachitika ndi echo ndi kuyeza magazi.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi kutentha thupi. Kwathu kuno thupi likatentha aliyense amati malungo. Ayezetse malungo, inde. Koma akapanda kupezeka, kapena kutentha kukapitirira atamwa LA, munthu wa mphete mumtima timaganizira majeremusi okhala pa vavu. Magazi okaunika majeremusi atengedwe asanayambe maantibayotiki. Akayamba ndi amoxicillin wogula, majeremusi amabisala, matenda n'kumadya vavu mwakachetechete. Majeremusi amenewa kawirikawiri amalowera m'kamwa, ndiye kutsuka mano kawiri pa tsiku n'kofunika, ndipo asanazule kapena kutsukitsa mano auze dokotala wa mano, amwe amoxicillin magalamu 2 kutatsala mphindi 30 mpaka 60. Amene thupi lawo limadana ndi penisilini amapatsidwa wina.

Sisita wa ku wodi ya opaleshoni:
Pabala aziyang'ana tsiku lililonse: kufiira kofalikira, kutentha, mafinya kapena madzi otuluka. Kuti muone ngati fupa likusuntha, ikani zala mbali zonse ziwiri za chipsera munthuyo atsokomole. Mukamva kuti khethe, kapena mbali imodzi ikuyenda payokha, asiye zonse za manja apite akaonedwe. Dzanzi, kuyabwa ndi kachotupa pamwamba pa chipsera n'zachibadwa, zimatha zokha.

Ndipo jakisoni wa penisilini uja wa benzathine asaleke. Ngati vavu inaonongeka ndi rheumatic, matenda aja oyamba ndi zilonda zapakhosi paubwana, opaleshoni yakonza vavu koma sinachotse chiopsezo choti abwerenso. Wamkulu amabayidwa mayunitsi 1.2 miliyoni masabata 4 aliwonse, ena masabata 3, mpaka zaka 40 kapena moyo wonse monga anenera dokotala. Auze obaya kuti ali pa warfarin, ndipo pobayidwapo atsindike mphindi 5. Amene mtima wawo ndi wofooka kwambiri nthawi zina amapatsidwa mapiritsi a Pen V m'malo mwa jakisoni.

Membala wa ku Leeds:
Kwa abale amene muli kuno ku UK, NHS ili ndi pulogalamu ya cardiac rehabilitation, yomwe anamwino ndi mafizio amakuyang'anirani pochita masewera. Kalata ikachedwa funsani kwa GP, musaisiye. Kuyendetsa galimoto yanu DVLA, ofesi ya ziphaso zoyendetsera galimoto, imalola pakatha masabata 4 ngati mwachira bwino, koma basi kapena lole ndi miyezi 3 ndipo muyenera kuwadziwitsa.

Sisita wa ku wodi ya opaleshoni:
Kumudzi kuno timati masabata 6 asanagwire chiwongolero, misewu yathu mukuidziwa. Lamba azimanga ndithu, aike kathaulo pakati. Njinga yamoto ayi. Mu minibasi asadzikoke ndi chitseko pokwera, ndipo asalole kusenzetsedwa katundu wa munthu pamiyendo.

Woyang'anira gulu:
Pabwera funso lina mwachinsinsi, akuti za m'banja ziyambe liti, ndipo mayi wa zaka 26 amene anamukonzanso vavu angatenge pakati liti.

Klinishani wa za mtima:
Amene akutha kukwera masitepe a nyumba zosanja ziwiri, kapena kuyenda mwandawala mphindi 10 mpaka 15 osabanika, mtima wake ukhoza. Ambiri ndi cha pa masabata 6 mpaka 8. Chotsala ndi fupa: asatsamire manja, ndipo pachifuwa pasagone munthu mpaka masabata 12. Bisoprolol nthawi zina amachepetsa mphamvu za abambo. Akaona zimenezo anene kuchipatala, asasiye mankhwala mwadzidzidzi chifukwa mtima umathamanga moopsa, ndipo za m'mabotolo zogulitsa m'misika zija asayese.

Kwa achemwaliwo, warfarin amaononga mwana m'mimba, makamaka pakati pa sabata ya 6 ndi ya 12, nthawi imene ambiri sanadziwe n'komwe kuti ndi oyembekezera. Akhale pa kulera kodalirika kuyambira pano. Mapiritsi okhala ndi estrogen sayenera munthu amene ali pa chiopsezo cha magazi kuundana, ndiye afunse za implanti kapena lupu. Za pakati akambirane ndi dokotala wa mtima echo ya miyezi 3 itatuluka. Akaona kuti msambo wadumpha ali pa warfarin, ayezetse n'kupita kuchipatala sabata yomweyo, asasiye kapena kupitiriza mankhwala mwa okha. Msambo ukachuluka kwambiri ayezetse INR ndi kuchuluka kwa magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi nakonso kumabweretsa befu poyenda.

Kochi wa othamanga:
Ndiye achimwene athu a mpira Loweruka aja, pali chiyembekezo?

Klinishani wa za mtima:
Chilipo, ngati warfarin waimitsidwa ndi dokotala, mtima ukugunda molongosoka, echo yaonetsa kuti vavu sikudontha kwambiri ndipo mnofu uli ndi mphamvu. Ayambe ndi kupatsirana mpira ndi kuthamanga yekha kwa mwezi, kenaka theka la gemu, ndipo mpira wobwera mwamphamvu asautsitsire pachifuwa miyezi yoyambayo. Pagolo asaime, kudziponya pansi kuja fupa silinakonzekere. Echo azijambulitsa chaka chilichonse ngakhale akumva bwino, popeza vavu ya rheumatic yokonzedwa imatha kuyambanso kudontha kapena kuthina pakapita zaka. Ngati warfarin ndi wa moyo wonse, asankhe kuthamanga, kuyenda kapena kusambira pamalo pamene pali anthu, bala litapola ndipo masabata 12 atakwana.